Turbo Yaikulu ndi Kuchepa kwa Malo Pansi pa Boneti: Mafunso ndi Mayankho

Pakati pa anthu okonda galimoto pali chilakolako chimodzi chimene sichikalamba, ndicho chofuna kuti injini imene ali nayo itulutse mphamvu zoposa zimene adaipatsa amisiri amene adaipanga. Ndipo popeza njira yachidule yofikira kumeneko ndiyo kuchotsa turbo yaing'ono ndi kuikapo ina yaikulu, ambiri amagula chitsulocho mtima uli m'mwamba, n'kudzazindikira pa tsiku lomanga kuti boneti ikukana kutsekeka, kapena kuti paipi ya utsi yatsamira pa ndodo ya chiwongolero. Poyankha mafunso amene amabuka pa ntchito yotere ndidzatchula kawirikawiri injini za Toyota za banja la JZ, zimene zili mu Supra, Aristo, Mark II ndi Chaser, pakuti ndi pa injini zimenezi pamene amisiri a ku Japan, America ndi Australia akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri.

Kodi turbo n'chiyani, ndipo ikakula imadyeranji malo ambiri chotere?

Turbo ndi mawilo awiri a mapiko omangidwa pa shafuti imodzi. Utsi wotentha wotuluka m'injini umazunguza wilo loyamba, ndipo lachiwiri, pozungulira nalo limodzi, limakoka mpweya wa kunja ndi kuukankhira m'masilinda mopanikiza, kotero kuti mafuta ochuluka amapsa pa kuphulika kulikonse. Wilo lililonse lili m'chigoba chake chopindika ngati cha nkhono, china chotentha ndi china chozizira, ndipo pakati pa zigoba ziwirizo pali thupi la mabering'i limene limamwa oyilo wa injini, popeza shafutiyo imazungulira koposa maulendo 100,000 pa mphindi. Mmisiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adalembetsa luso limeneli m'chaka cha 1905, koma padapita nthawi yaitali lisanafike m'galimoto za anthu wamba, pakuti zoyamba, Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder, zidatuluka mu 1962.

Supra imene idatuluka mu 1993 idali ndi injini ya 2JZ-GTE, ya malita 3 ndi masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi, ndipo a Toyota adaipatsa tima turbo tiwiri tating'ono togwira ntchito motsatizana, kena kuyambira pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono, kenako kanzake n'kudzalowa pamene yakwera. Ofuna mphamvu amachotsa tonse tiwiri ndi kuikapo imodzi yaikulu, ndipo munthu angaganize kuti pochotsa ziwiri ndi kuika imodzi malo ayenera kutsala. Koma turbo siibwera yokha. Imabwera ndi manifold yatsopano yoinyamula ndi kuipatsa utsi wa m'masilinda, paipi ya utsi ya mainchesi 3 kapena 4 imene siipindika pafupi monga ichitira yaing'ono, paipi yaikulu yokokera mpweya pamodzi ndi fyuluta yake, ina yopita ku intercooler yoziziritsa mpweyawo, timapaipi ta oyilo wolowa ndi wotuluka, nthawi zina tinanso ta madzi, ndiponso wastegate, imene ndi valavu yotaya utsi wotsala kuti mpweya usapanikizike kupyola muyeso. Chilichonse cha izi chimafuna njira yake, ndipo kawirikawiri chimene chimakana kulowa si turbo mwini wake, koma chimodzi mwa izi zoiperekeza.

Ndaona zida zonse zogulitsidwa pamodzi, zolembedwa kuti zimalowa popanda kudula kanthu. Bwanji osangogula zimenezo?

Gulani, koma muyambe mwafunsa kuti adaziyesera pa galimoto ya chiwongolero cha mbali iti, pakuti safunsa adadya phula. Pa injini za JZ utsi umatulukira kudzanja lamanja la galimoto, kuwerengera monga mwa munthu wokhala pa mpando woyang'ana kutsogolo. Ku America, kumene chiwongolero chili kumanzere, mbali yamanjayo ilibe ndodo ya chiwongolero kapena master cylinder ya mabuleki, ndipo mmisiri wa kumeneko amatsitsa paipi yake ya utsi mwaufulu. Koma galimoto za ku Japan, zimene ndizo zimafika kwathu kuno kudzera pa madoko a Dar es Salaam ndi Durban, zili ndi chiwongolero kumanja, kutanthauza kuti turbo, paipi ya utsi, ndodo ya chiwongolero ndi mabuleki zonse zimakumana pa ngodya imodzi. Zida zimene zidalowa bwino ku California zingathe kukana ku Lilongwe, ngakhale injini ili yomweyo.

Pa injini za Nissan za SR20DET ndi RB nkhani imatembenuka, chifukwa utsi wake umatulukira kumanzere: amene ali ndi chiwongolero kumanja ndiwo amapuma, ndipo a ku America amene amaika injini zimenezi m'galimoto ya 240SX ndiwo amavutika ndi kutentha pafupi ndi mabuleki. Ngakhale opanga galimoto eni ake adagonja pa ngodya imeneyi, pakuti Subaru Legacy ya ma turbo awiri ya m'zaka za m'ma 1990 idapangidwa ya chiwongolero cha kumanja chokha, popeza turbo ya kumanzere idakhala pamalo pamene pakadadutsa chiwongolero ndi mabuleki a galimoto za ku maiko oyendetsera mbali inayo. Ngati fakitale yathunthu idalephera kupeza malo, mwini galimoto asamachite manyazi kutenga tepi ndi kuyeza.

Turbo yalowa, ndipo pakati pake ndi thupi la galimoto pakulowa chala. Kodi si zokwanira?

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti tikhalepo pang'ono. Mpata umene muuona injini itazima ndiponso itazizira si mpata umene udzakhalepo pamene galimoto ikukwera phiri, chifukwa injini siiima malo amodzi, ndiponso chitsulo chikatentha chimakula.

Injini imakhala pa ma mounting a labala, amene adaikidwa dala kuti azilola kugwedezeka. Mukaima kutsogolo kwa galimoto ya injini yogona chautali, krankishafuti imazungulira kutsata mmene iyendera mivi ya wotchi, ndipo pamene ikukankha mawilo, thupi la injini limakankhidwira mbali inayo, kotero kuti mbali ya kumanzere imanyamuka ndipo mutu wa injini umapendekera kumanja. Taonani tsono: pa injini ya JZ kumanjako ndiko kuli turbo, ndipo ngati mwaikweza m'mwamba, pamene kupendekerako kuli kwakukulu, ndiye kuti nthawi imene dalaivala waponda mafuta ndi mphamvu, imenenso ili nthawi imene turbo yatentha koposa, ndiyo nthawi imene ikuyandikira nsanja ya shock absorber ndi ndodo ya chiwongolero. Ndipo popeza cholinga cha ntchito yonseyi ndicho kuwonjezera mphamvu, injini idzapendekera koposa mmene inkachitira kale, pa ma mounting amene mwina adakalamba kale asanakwere sitima ku Japan. Kuti kusuntha kwa injini si nkhani yamasewera kudaoneka mu 1971, pamene General Motors idaitanitsa galimoto za Chevrolet zoposa 6 miliyoni chifukwa mounting ikaduka injini inkanyamuka ndi kukoka ndodo ya mafuta, galimoto n'kuyamba kuthamanga dalaivala asanafune.

Kukula kwa chitsulo nakonso kumawerengeka. Paipi ya chitsulo chosachita dzimbiri yotalika theka la mita, ikatentha ndi madigiri 700, imatalika ndi mamilimita 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo utsi wa injini ya petulo imene ikugwira ntchito yolemera umafika madigiri 900. Chifukwa chake mpata wa chala, umene uli mamilimita 15 kapena kucheperapo, ungathe kutheratu. Kwa ine, chigoba chozizira chiyenera kutalikirana ndi thupi la galimoto ndi mamilimita 15 pamene pachepetsetsa, zitsulo zotentha ndi mamilimita 25 kapena kuposa, ndipo pamene pali chiwongolero, mabuleki kapena paipi ya petulo, mpatawo ukule ndithu ndipo pakati paikidwe chotchinga. Ma mounting otha asinthidwe ntchito yoyeza isanayambe, pakuti kuyeza pa injini imene yakhala pansi chifukwa cha labala wophwanyika ndiko kuyeza malo olakwika. Alipo amene amaika ma mounting olimba a polyurethane kapena achitsulo kuti injini isasunthe, ndipo amathandizadi, ngakhale kuti kunjenjemera konse kwa injini kumalowa m'mipando ndi m'manja mwa woyendetsa.

Nanga munthu angayeze bwanji asanawononge ndalama?

Opanga ma turbo odziwika, monga Garrett ndi BorgWarner, amasindikiza zojambula zosonyeza miyeso ya zigoba zawo, ndipo munthu wodekha angathe kutenga miyeso imeneyo, kudula makatoni ndi kumanga chifanizo cha turbo, n'kuchiika m'galimoto asanalipire kobiri. Mapaipi apulasitiki a madzi ndi zigongono zake amasonyeza njira imene paipi ya utsi ingadzere. Za boneti, umbani timibulu ta dongo lofewa, muike pamwamba pa turbo ndi pa mapaipi, mutseke boneti pang'onopang'ono, ndipo mukatsegula muyeze kuti dongolo laphwatalala kufika pati. Pakuti diso silingaone zimene zikuchitika boneti itatsekedwa, koma dongo limasunga umboni.

Wowotcherera asamalize msoko uliwonse pa benchi. Agwirizanitse zidutswa ndi timadontho, aziike pa injini ili m'galimoto, aone, achotse, akonze, ndipo awotcherere kotheratu pokhapokha zonse zitakhala m'malo mwake. Pamenepo payesedwenso chinthu chimene ambiri amachiiwala, ndicho malo a dzanja ndi sipanala: kodi nati iliyonse ya manifold ikufikika, kodi mapulagi angatuluke, kodi turbo ingachotsedwe popanda kunyamula injini? Ntchito imene siingamasulidwe siikonzedwa pa nthawi yake, ndipo gasiketi yaing'ono yotayitsa utsi imasiyidwa mpaka itawotcha mawaya.

Amakaniko amanena za kutembenuza turbo. Zimenezi zikutanthauzanji?

Zigoba ziwiri zija sizidawotchereredwe ku thupi lapakati. Zimagwidwa ndi mabawuti ndi timbale, kapena ndi mkombero wachitsulo umene amautcha V-band, kapena ndi circlip yaikulu. Mukamasula pang'ono, chigoba chimazungulira, ndipo mungathe kulozetsa pakamwa pake kumene kuli njira: pansi, m'mbali kapena kutsogolo. Mavuto ambiri a malo amatha ndi ichi chokha, popanda kugula kapena kudula kanthu. Pozunguza pafunika dzanja lofatsa, chifukwa mpata wa pakati pa mapiko ndi chigoba ndi wochepa kuposa milimita imodzi, ndipo chigoba chikapendekeka chimapinda phiko. Mukamanganso, zunguzani wilo ndi chala kuti mumve ngati silikukhudza. Ngati wastegate ili ya m'kati mwa turbo, kachitini kake koikoka kamamangidwa pa chigoba chozizira, ndipo chigobacho chikazungulira pafunika bulaketi yatsopano kuti kandodo kake kakoke molunjika.

Koma chilipo chimodzi chimene sichitembenuzidwa mwa kufuna kwa munthu, ndicho thupi lapakati. Oyilo amalowa pamwamba mokankhidwa ndi pampu ya injini, koma potuluka palibe chomukankha: amangotsika ndi kulemera kwake, ali wathovu. Chifukwa chake bowo lotulukira liyenera kuyang'ana pansi, osapendekera kupyola madigiri 15, ndipo paipi yake ikhale yotakata, ya mamilimita 16 m'kati kapena kuposa, yotsetsereka njira yonse popanda pokwera kapena popinimbira, ndipo ikalowe m'sampu pamwamba pa mlingo wa oyilo. Zotsekera za m'turbo si malabala ogwira zolimba, koma timphete tachitsulo tofanana ndi maring'i a pisitoni, ndipo oyilo akalephera kutsika amadzaza thupilo n'kudutsa pa timpheteto kulowa mu utsi ndi mu mpweya. Galimoto imayamba kufuka utsi wobiriwira, mwini wake amati adamugulitsa turbo yowonongeka, chikhalirecho cholakwa ndi paipi imene idakhotetsedwa kuti ilambalale mounting. Pokonza malo, njira ya oyilo wotuluka ipatsidwe ulemu woyamba, zina zonse zizilambalala iyo.

Manifold yabwino ndi iti, yokweza turbo m'mwamba kapena yoisiya pansi?

Manifold ndiyo imalamula kumene turbo idzakhale, ndipo kusintha manifold ndiko kusintha vuto lonse. Yokweza m'mwamba imachotsa turbo pakati pa injini ndi chasisi, pamene pali popanikizana, n'kuipatsa oyilo njira yaitali yotsetsereka bwino. Koma imaiyandikiza ku boneti, ku master cylinder ndi ku mawaya, ndipo kulemera kwa turbo kumalendewera kutali ndi injini, kotero kuti popanda chochirikiza misoko imang'aluka. Yoisiya pansi imabisa kutentha kutali ndi boneti ndipo imasunga mapaipi aafupi, koma kukula kwa turbo kumalekezera pamene chigoba chakhudza thupi la injini kapena chasisi.

Palinso kusiyana kwa kapangidwe. Ija ya mapaipi ataliatali opotana, imene imakopa maso pa zithunzi, imapereka mphamvu pamene injini yazungulira kwambiri, koma imadya malo, imamwaza kutentha ponseponse, ndipo ngati idapangidwa ndi chitsulo chopyapyala imasweka msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ija yaifupi yachitsulo chosungunula, imene masilinda onse amathira utsi mu mtsempha umodzi, ilibe kukongola, koma imalowa m'malo ochepa ndipo imapirira zaka. Kwa galimoto yoyenda pa msewu tsiku ndi tsiku, makamaka misewu ya mabampu imene imagwedeza chilichonse cholendewera, ine ndingasankhe yaifupiyo mosazengereza. Ndipo pa paipi ya utsi, pafupi ndi turbo, paikidwe kachigawo kofewa kolukidwa ndi waya, kuti injini ikasuntha isamakoke ekizozi yonse ndi khosi la turbo.

Ndi bwino kudziwanso kuti alipo ma turbo ozungulira chobwerera, amene zigoba zake zidapindikira mbali inayo. Garrett imagulitsa otere m'gulu lake la G, limene lidayamba kutuluka mu 2017, ndipo nthawi zina pamene turbo wamba ikulozetsa pakamwa pake ku chasisi, inzake yobwererayo imalozetsa kumene kuli mpata.

Ndi ziti zimene zingasamutsidwe kuti malo apezeke?

Batire ndilo loyamba kusamuka, ndipo limasiya malo aakulu. Likapita ku buti lifunika waya wonenepa, wa masikweya milimita 35 kapena kuposa, fyuzi yaikulu pafupi ndi batire lenilenilo, malabala otetezera waya paliponse pamene wabowola chitsulo, bokosi lomangidwa ndi mabawuti, ndi kapaipi kotulutsira kunja mpweya wa hydrogen umene batire limatulutsa potchajidwa. Waya wa batire wopanda fyuzi amene wakhuzika pa chitsulo amayatsa galimoto m'kanthawi kochepa. Kabotolo ka mafuta a power steering, ka madzi otsukira galasi ndi ka madzi osefukira a rediyeta tingasunthidwe mosavuta. Fani yozunguzidwa ndi lamba ingalowedwe m'malo ndi mafani amagetsi opyapyala, malinga akhale ndi chophimba chokokera mpweya pa rediyeta yonse, popeza intercooler imene yaikidwa kutsogolo yayamba kale kuitchinga mphepo. Mapaipi a air conditioner angapangidwenso ndi odziwa ntchitoyo.

Fyuluta ya mpweya isangoponyedwa pamene patsala malo. Ikakhala pafupi ndi manifold imamwa mpweya wotentha, umene uli wopepuka ndipo umachititsa injini ya petulo kugogoda. Ikatsikira pansi kuseri kwa bampala imapeza mpweya wozizira, koma m'nyengo ya dzinja ingamwe madzi a pa msewu, ndipo madzi akalowa m'silinda sapanikizika, amapinda ndodo ya pisitoni.

Nanga nyundo ndi gulayinda? Kodi n'kulakwa kumenya kapena kudula pang'ono?

Malata a m'kati mwa mudguard angamenyedwe pang'ono kuti alowe, ndipo nthiti imodzi ya kunsi kwa boneti ingasemedwe pamene turbo ikukhudza, kenako n'kupakidwa penti kuti dzimbiri lisalowe. Koma chasisi, nsanja ya shock absorber, mtanda wonyamula injini ndi khoma lolekanitsa injini ndi okwera, zimenezi zimanyamula galimoto ndi kuteteza anthu pa ngozi, ndipo sizidulidwa ndi munthu amene sadziwa kubwezera mphamvu imene wachotsa. Ndodo ya chiwongolero siisemedwa, siitenthedwa ndi moto, siipindidwa. Ngati paipi ya utsi ikulimbana nayo, paipiyo ndiyo iphwatalale kapena ichepe pamalo pamenepo, pakuti paipi yopanikizika pang'ono imangotaya mahosipawa owerengeka.

Zonse zalowa ndipo palibe chikukhudzana. Kutentha kungavutenso bwanji?

Walira mvula walira matope: amene wafuna turbo yaikulu wafunanso moto waukulu pansi pa boneti, ndipo moto umenewo sufunika kukhudza chinthu kuti uchiwononge. Chigoba chotentha chikafiira chimawalitsa kutentha kwake kudutsa mumpweya, kufikira chilichonse chimene chili poonekera. Pulasitiki wokuta mawaya wamba amapirira madigiri 100 okha kapena kuzungulira pamenepo, kenako amauma ndi kusweka. Malabala a mapaipi amachita chimodzimodzi. Koma chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi mafuta a mabuleki. A mtundu wa DOT 4, ali atsopano, sawira asanafike madigiri 230, koma popeza amamwa chinyezi cha mumpweya, akakalamba angawire pa madigiri 155. Ndipo akawira amasanduka nthunzi, imene imapanikizika, kotero kuti phazi limatsika mpaka pansi galimoto osaima. Lingalirani galimoto ya chiwongolero cha kumanja, master cylinder yake ili moyang'anizana ndi turbo, imene yathamanga pa chitunda ndipo tsopano yayamba kutsika msewu wa ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, kapena wa Chiweta, kapena wa Golomoti, pamene mabuleki eni ake akudzipangira kutentha kwawo pa khona iliyonse. Pamenepo kusamala kapena kusasamala kwa makaniko kumakhudza miyoyo ya anthu amene sadafunsidwe n'komwe za turbo.

Mankhwala ake oyamba ndi mtunda, ndipo achiwiri ndi chotchinga chachitsulo chopyapyala chimene sichikhudza mbali iliyonse, chokhala ndi mpata wa mpweya kuno ndi uko; malata awiri otalikirana pang'ono amaposa limodzi lochindikala. Chotchinga cha aluminiyamu chiikidwe ku mbali ya chinthu chotetezedwa, osati pa chigoba chotentha, popeza aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Bulangete la turbo, losokedwa ndi ulusi wosapsa, limathandiza kwambiri. Nsalu yokulunga mapaipi a utsi nayonso imachepetsa kutentha, koma imasunga chinyezi chimene chimadya paipi, ndipo ikamwa oyilo wodontha imasanduka chingwe cha nyale. Chifukwa chake paipi ya oyilo wolowa, imene ili ndi mphamvu ya pampu, isadutse pamwamba pa manifold. Mpweya wotenthawo upatsidwenso potulukira, kaya ndi timazenera ta pa boneti.

Kutentha kumapitirira ngakhale injini itazima, pamene oyilo waleka kuyenda ndipo wotsala m'mabering'i amapserera n'kusanduka makala. Pamene BMW idatulutsa injini ya N63 mu 2008, imene ma turbo ake awiri adaikidwa m'chigwa cha pakati pa mizere iwiri ya masilinda kuti malo achepe, idaipatsa pampu yamagetsi yoyendetsa madzi m'ma turbo galimoto itazimitsidwa kale. Amene alibe pampu yotere ayende mofatsa makilomita omalizira, kapena asiye injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri asanazimitse.

Ngati malo akanadi, pali njira ina?

Ena amaika turbo kumbuyo kwa galimoto, pamene pamakhala sailensa, ndipo pamenepo kutentha kumachoka pansi pa boneti. Koma oyilo sangabwererenso yekha, amafuna pampu yamagetsi imene ikafa utsi umadzaza msewu, ndipo turbo imakhala pa fumbi, pa madzi ndi pa miyala. Pa misewu yadothi sindingalangize zimenezo.

Njira imene ndimaikhulupirira ndiyo kubwerera ku funso loyamba: kodi mphamvu zimene mukufuna ndi zingati, ndipo mudzazigwiritsa ntchito pati? Mapiko a masiku ano amapopa mpweya wochuluka m'chigoba chaching'ono kuposa akale. Garrett G25-550, imene opanga ake amati ingafike mahosipawa 550, ili ndi thupi laling'ono ndithu, pamene Supra ya ku Japan idatuluka m'fakitale ndi pafupifupi 280. Turbo yopyola muyeso wa injini imachedwa kudzuka, kotero kuti galimoto imakhala yaulesi m'tauni ndi podutsa lole pa chitunda, n'kudzalusa mwadzidzidzi pamene msewu watha. Kawirikawiri turbo imene yalowa popanda kudula kanthu ndiyonso imene ikadakondweretsa mwini wake poyendetsa.

Kodi zonsezi zikukhudzanso injini za dizilo, monga za Land Cruiser?

Zikukhudza, ngakhale kuti malo m'galimoto zimenezo ndi ochulukirapo. Injini ya 1HZ, ya malita 4.2, imene Toyota idayamba kupanga mu 1990 ndipo imanyamula odwala ndi katundu m'madera ambiri a kumudzi, idapangidwa yopanda turbo, ndipo ambiri, makamaka ku Australia, amaiwonjezera. Malamulo a oyilo wotuluka, a mpata ndi a chotchinga ndi omwewo. Koma malire ake enieni ali m'kati: 1HZ imapanikiza mpweya koposa maulendo 22 ndipo imayatsira mafuta m'tizipinda ta m'mutu wa injini, pamene mbale wake 1HD-T, amene adabadwa ndi turbo, amathira mafuta molunjika m'silinda ndipo ali ndi mapisitoni ena. Woika turbo pa 1HZ akhutire ndi mphamvu yochepa, ndipo posiya malo a zina zonse asiyenso pobowola manifold kuti alowetse choyezera kutentha kwa utsi.

Ntchito yatha. Ndiyese bwanji ndisanapite ulendo wautali?

Musanalize injini, thirani oyilo woyera pa bowo lolowera la turbo ndi kuzunguza injini ndi sitata popanda kuilola kuyaka, kufikira oyilo atafika. Ikalira, munthu wina akhote chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri inu mukuyang'ana ndodo yake. Ngati galimoto ndi ya automatic, woyendetsa aponde mabuleki zolimba, handibuleki itakokedwa ndi matayala atatsekerezedwa, alowetse giya yopita kutsogolo ndi kuponda mafuta pang'ono kwa kamphindi, kenako ya kumbuyo, inu mutaima pambali pa galimoto, osati kutsogolo kwake, kuona mmene injini ikupendekerera ndi chimene ikuyandikira. Pakani choko kapena penti yoyera pa malo okayikitsa. Mukayenda makilomita ochepa, pamene pakhuzika padzaoneka.

Mukabwerako tsegulani boneti, nunkhizani, yang'anani mawaya ndi malabala ngati asintha mtundu, ndipo injini ikazizira mangitsaninso manati a manifold ndi a turbo, amene amamasuka pa kutentha koyamba. Turbo yaikulu imafunanso mafuta ochuluka ndi kompyuta ya injini yokonzedwa kuti iwapereke, ndipo galimoto isapondedwe ndi mphamvu ntchito imeneyo isanachitike, pakuti injini ya petulo yolandira mpweya wambiri ndi mafuta ochepa imasungunula mapisitoni. Mafuta a mabuleki athiridwe atsopano. A inshuwalansi auzidwe kuti injini yasinthidwa, ndipo batire limene lasamukira ku buti likhale lomangidwa bwino galimoto isanapite kukayezedwa COF.